Madamu akundisiyira kagalu ka dachshund, nditenge kapena ndikane?

Mai_a_Tada

Moni nonse abale anga a kuno ku Joni. Ndabwera ndi nkhani yooneka ngati yachibwana koma ine yandisowetsa tulo. Banja lomwe ndimagwirako ntchito ku Ferndale likusamukira ku Australia, nde ali ndi kagalu kaja kotalika thupi koma miyendo ifupiifupi, dachshund, ena amangoti soseji. Ndi kakamuna, zaka 4, kofiirira, ubweya wake wosalala, dzina lake Oscar. Madamu akuti kupita nako uko ndi chintchito, kuyezetsa magazi, mapepala, kenako kakafika kakayambe katsekeredwa kokha m'khola la boma, nde akuti bola kapite kwa munthu amene kamamudziwa kale. Munthuyo akuti ndine kkkk.

Kunena zoona kamandikonda, ndikangotsegula geti m'mawa kamakhala kafika kale pamapazi, ndikamasita kamagona pa mulu wa zovala zosasita mpaka ndichite kukachotsa. Koma kuseweretsa galu wa abwana ndi kukhala naye pakhomo pako si zofanana, panopa zonse amalipira ndi iwo ine ndimangothira chakudya m'mbale basi.

Ndimachita lendi kakoteji ka kuseri kwa nyumba ya munthu ku Randburg konkuno, kali ndi kakapinga pang'ono ndi masitepe atatu pakhomo, ndimakhala ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 6. A landilodi akuti galu alibe naye vuto bola asamasokose.

Nde ndithandizeni. Madamu amangobwerezabwereza kuti usamale msana wake, asadumphe, asadumphe, kodi ndi mantha a azungu chabe kapena ilipodi nkhani? Chinanso akuti ameneyu ndi hound, galu wosaka, ine ndinaseka mpaka misozi chifukwa kwathu ku Ntcheu galu wosaka timamudziwa, woonda, miyendo italiitali, wopitikitsa kalulu mpaka kumugwira, osati aka koyenda mimba ikukhudza pansi. Hound ndi chani kwenikweni, nanga zimakhudza bwanji khalidwe lake pakhomo? Komanso tsiku lina ndidzabwerera kumudzi, kangathe kukakhala ku Malawi? Amene munakhalapo ndi tiagalu iti ndiuzeni zoona zokhazokha musandinyengerere.

Ankolo_a_Gadeni

Mai a Tada musaseke ayi, madamuwo sakunama. Ine ntchito ya m'gadeni ndakalamba nayo kuno, Linden, Northcliff, Parkhurst, ndipo tiagalu iti ndakumana nato m'mayadi ambiri. Ndimatidziwa bwino chifukwa ndi timene timandionongera ntchito.

Kagalu aka kwawo ndi ku Germany ndipo miyendo sinafupike mwangozi, alenje a kumeneko ankachita kusankha dala agalu otero kuti azitha kulowa ku una. Nyama yomwe ankasaka ndi badger, m'bale wake wa chiuli wathu uja, imakhala pansi pa nthaka ndipo ndi yolusa kwambiri. Nde taganizani galu woti alowe yekha mumdima, akumane ndi chinyama cha mano ndi zikhadabo malo opanikizika osatha kutembenuka, mwini wake ali kumtunda sakumuona ndipo sangamuuze chochita. Galu wotere amayenera akhale wopanda mantha, woganiza yekha, komanso wa mawu akulu oti amveke kuchokera pansi kuti mlenje adziwe pokumba. Zitatu zimenezi mpaka lero zilimo mwa Oscar wanuyo olo wakulira pa sofa ku Ferndale. Mawa mukapita ku ntchito mukagwire mapazi ake akutsogolo muone, ndi aakulu otambalala kuposa akumbuyo, amenewo ndi makasu. Tating'ono kwambiri tija anatipanga pambuyo pake kuti tizilowa m'mauna a akalulu, chifukwa akalulu a ku Ulaya amakumba pansi osati athu ogona m'tchire.

Za hound, ndi gulu lonse la agalu osaka ndipo lili mbali ziwiri. Ena amasaka ndi maso, akaona nyama ikuthawa amaipitikitsa ndi liwiro basi, monga greyhound, whippet, saluki. Greyhound amafika pafupifupi makilomita 70 pa ola, galimoto ya m'tauni muno amaipitirira. Galu wanu woonda wa ku Ntcheu uja kasakidwe kake ndi ka mbali imeneyo. Ena amasaka ndi mphuno, liwiro alibe koma akagwira fungo salisiya, beagle, basset wa makutu okwakwa pansi uja, ndi mkulu wawo bloodhound amene amatha kulondola fungo la munthu olo patapita masiku. Ku Kruger agalu olondola fungo ndi amene amathandiza kugwira anthu opha zipembere. Dachshund ali mbali imeneyi ya mphuno, kungoti iye salekera pamwamba amapitirira mpaka pansi.

Yadi ina ku Northcliff kunali tiwiri. Tsiku lina mfuko inalowa pansi pa kapinga, milu ya dothi apa ndi apo. Ndikuchokera kukataya zinyalala ndinangopeza michira iwiri ili m'mwamba, mitu yalowa pansi, dothi likuuluka pakati pa miyendo yakumbuyo, maluwa omwe ndinabzala dzulo lake ali gada mizu kumwamba. Kuitana osamva, kuwomba m'manja osamva, kubweretsa bisiketi osacheuka n'komwe. Koma pajatu galu wamkota sakandira pachabe, pofika madzulo mfuko ija inali itatulutsidwa, kamodzi kali ndi bala pamphuno koma kakuyenda monyada mchira uli njoo.

Nde zomwe zikukhudza inuyo ndi izi. Muzungulire mpanda wonse wa pa kotejipo muone pansi pake, paliponse pamene pali dothi lofewa kadzakumba n'kutulukira kwa aneba. Pansi pa geti napo, pomwe mukuona ngati galu sangadutse aka kamadutsa. Pamsewu osakamasula chingwe olo kakhale komvera bwanji m'nyumba, kakangogwira fungo la mphaka makutu amatsekeka ndipo kafupika, woyendetsa galimoto sakaona. Kapinga wa a landilodi mumukambirane pasadakhale, ine ndimawauza mabwana kuti bola kukasiyira kangodya kamodzi ka mchenga n'kumakwiriramo tinthu kuti kazikumba pamenepo. Ndipo za kumudzi mwanenazo, anapiye a anthu ndi amene adzakuyambanitseni ndi mudzi wonse, sikasiyanitsa za kutchire ndi za pakhomo.

Mtchona_wa_Rosettenville

Kkkkkk koma Joni yatisintha abale, tafika pofunsana za msana wa galu? Asisi ine ndikuti kanani basi. Galu ndi wolondera pakhomo, aka kalondera chani, wakuba angokanyamula n'kupita nako limodzi ndi TV. Ndipo ndalama yomwe muzigulira chakudya chake cha m'thumba chija bwanji osatumiza kumudzi agule feteleza, azungu akamachoka amakonda kutisiyira mavuto awo n'kumati ndi mphatso.

Mukafuna hound weniweni ndi Ridgeback, uja wa mzere wa ubweya woloza kutsogolo pamsana. Ameneyo nde wa kuno kum'mwera kwa Africa, maonekedwe ovomerezeka a mtundu wake anakalembera ku Bulawayo mu 1922, ndipo ankapita naye kosaka mikango, osati kuti aphe mkango ayi koma kuuzungulira n'kuutchingira mpaka mlenje afike. Abwana anga akale anali naye, sauwauwa zachabechabe, amangoima pageti n'kukuyang'ana iwe wekha umabwerera. Kungoti amapitirira makilo 30 ndipo amadya kuposa munthu, pa kakoteji kanuko sangakwane, nde musiyeninso ameneyo.

Kapena galu wathu wamba wa kumudzi uja, kuno anamupatsa mpaka dzina akuti Africanis, sadwaladwala, palibe za msana, mkute ndi madzi wakhuta. Ku SPCA, bungwe losunga agalu osowa eni ake, agalu ofanana naye adzaza akusowa owatenga. Olo mupeze basenji wa ku Congo amene sauwa n'komwe amangolira mwamtundu wake, a landilodi angakuchotsereni lendi kkkk.

Chemwali_wa_kuVet

Mai a Tada, ine ndimagwira ntchito pa chipatala cha ziweto kumpoto kwa Johannesburg kuno, si ndine dokotala, ndimasamalira makola ndi kugwirira agalu akamabayidwa jekiseni, koma ma dachshund ndimawaona sabata ndi sabata nde ndiyankhe za msanazo chifukwa ndi pamene pagona chisankho chanu chonse.

Si mantha a azungu. Pakati pa mafupa a msana pamakhala tinthu tofewa toteteza kuti mafupa asamakhulane. Chibadwa chomwe chimafupikitsa miyendo ya dachshund ndi chomwechonso chimaumitsa tinthu timeneti galu akadali wamng'ono, nde tsiku lina kamodzi kamang'ambika, zamkati n'kutuluka kukapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Madokotala amati IVDD. Mwa ma dachshund anayi kapena asanu aliwonse mmodzi amakumana nazo pa moyo wake, ndipo kawirikawiri zimayamba pakati pa zaka 3 ndi 7, nde Oscar ali m'zaka zake zenizeni. Kudumpha si kumene kumabweretsa matendawa, amabadwa nawo, koma kudumpha kuchoka pa bedi tsiku ndi tsiku komanso kunenepa zimawonjezera katundu pamalo ofooka kale.

Zoyang'ana ndi izi, kunjenjemera popanda kuzizira, kupinda msana, kulira mukamunyamula, kukana kukwera masitepe omwe amakwera daily, kuyenda dzandidzandi miyendo yakumbuyo ikupingasana, kukwakwa zikhadabo pansi. Akafika pokoka miyendo kapena kulephera kukodza imeneyo si nkhani yodikira kuti malipiro atuluke, ndi ya tsiku lomwelo, chifukwa akasiya kumva kupweteka ku zala zakumbuyo mwayi woyendanso umachepa msanga. Mumuike mu kabokosi kapena basiketi yochapira kuti asamagwedezeke n'kuthamanga naye. Ndipo chonde osamupatsa mankhwala athu a mutu, ibuprofen amaononga m'mimba ndi impso za galu, Grand-Pa ayi, Panado nayenso osapereka mwa inu nokha.

Zikakhala zochepa dokotala amapereka mankhwala n'kunena kuti agone m'kakhola kakang'ono masabata 4 mpaka 6 osayendayenda, kumutulutsa pokakodza pokha mutamunyamula. Ambiri amachira chonchi koma pamafunika mtima wolimba chifukwa pakangotha sabata amaoneka bwinobwino n'kumakulirirani kuti mumutsegulire, anthu amamva chisoni n'kutsegula, kenako amabweranso naye ali woipirapo. Zikakhala zazikulu ndi sikani ndi opaleshoni kwa madokotala apadera, kuno ku Joni kapena ku Onderstepoort ku Pretoria, ndipo pamenepo tikunena masauzande makumi angapo a ma rand. Ndaonapo bambo wamkulu akulira pa kauntala chifukwa galu angachire koma ndalama palibe. Nde musanavomere, khalani pansi ndi madamu muwafunse mosachita manyazi, kodi Oscar ali pa inshuwalansi? Ngati alipo apitirize kulipira iwowo ali ku Australia komweko, isaduke olo mwezi umodzi chifukwa mukayambiranso ina, matenda omwe anaonekapo kale samawalipira. Afunseninso ngati anayamba wadwalapo msana. Munthu amene akutha kusamutsa banja lonse kupita kunja sangalephere zimenezi, ndipo akakana pamenepo nde mumvere achimwene a ku Rosettenville.

Kanyamulidwe, dzanja limodzi pansi pa chifuwa lina pansi pa matako, msana ukhale wowongoka. Osamukweza pogwira m'khwapa thupi likulendewera, ndipo mwana wanu mumuphunzitse kuti akafuna kumunyamula ayambe wakhala pansi. Chingwe chikhale cha pachifuwa chija osati cha m'khosi. Koma musamusandutsenso dzira, kuyenda tsiku lililonse kumalimbitsa minofu yomwe imagwira msanawo, galu wongogona ndi amene amavutika.

Sikelo ndi yofunika, miniature sayenera kupitirira makilo 5, standard amakhala pakati pa 7 ndi 14 kapena kuposa pang'ono. Mukamusisita m'mbali nthiti zizimveka pansi pa zala, mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka.

Zina zomwe madamu akusiyireni ndi kabuku ka katemera ndi kusintha microchip, kachizindikiro kamene amaika pansi pa khungu la galu, kuti ikhale m'dzina lanu ndi nambala yanu, apo bii akadzasowa a SPCA azidzaimbira munthu ali ku Perth. Katemera wa chiwewe ndi lamulo kuno ku South Africa, galu wamkulu asapitirire zaka 3 osabayitsa ndipo madokotala ambiri amabaya chaka ndi chaka, kuphatikiza uja woteteza parvo ndi distemper. Mankhwala a nkhupakupa osadumphitsa makamaka nthawi ya mvula, kuno kuli nthenda yobwera ndi nkhupakupa, biliary, yomwe imapha galu m'masiku ochepa, mukaona wafooka sakudya mukweze mlomo muone nkhama, zikayera kapena kuchita chikasu, mkodzo n'kuda, thamangani. Kulinso nyongolotsi ina yotchuka kuno ku Gauteng, spirocerca, amaitenga akadya tizikumbu tokunkhuniza ndowe tija kapena abuluzi, imakamanga chotupa kummero, nde kwa galu wokonda kufukula ngati ameneyu mufunse mankhwala omwe amaphanso imeneyo. Chokoleti, mphesa ndi zouma zomwe, anyezi, mafupa a nkhuku ophika, zonsezi ayi. Ndipo mankhwala a makoswe akuda aja ogulitsa m'misewu amati two step asapezeke pakhomo panu, ndi omwenso akuba amaika mu nyama n'kuponya m'mayadi, galu wogona m'nyumba usiku amapulumuka ku zimenezi.

Achimwene a ku Rosettenville, kulondera kuli pawiri. Ridgeback amaletsa munthu kulowa, aka kamakudzutsa munthuyo asanafike n'komwe pa geti. Pa koteji ya mayi ndi mwana ine ndingasankhe kodzutsa.

Mai_a_Tada

Eee zikomo nonse, a Chemwali mwanditsegula maso. Lero ndawafunsa madamu, akuti inshuwalansi ilipo ndipo avomera kupitiriza kulipira, msana sanadwalepo, anathenedwa kale. Akuti ndi miniature koma pa kabuku sikelo yomaliza analemba makilo 6 ndi theka, nde kapitiriratu eti? Abwana aamuna ndi amene amakapatsa biltong pansi pa tebulo.

Chatsala chondivuta ndi choti ine ndimachoka m'mawa kubwera madzulo, mwana ali ku sukulu, kazitsala kokha tsiku lonse, sikazilira mpaka a landilodi kutithamangitsa? Komanso nsima kangadye? A Rosettenville feteleza ndimatumiza kale musadandaule kkk.

NaBanda_Midrand

Asisi ine ndili nato tiwiri mu complex kuno ku Midrand, kakakazi ka ubweya wautali ndi kakamuna kosalala ngati Oscar wanuyo, ulipo mtundu wachitatu wa ubweya wokhakhala wokhala ndi tindevu koma umenewo sindinakhale nawo. Nde za moyo wa tsiku ndi tsiku ndikuuzeni mmene zilili kwanga.

Kuuwa kulipo, musanamizidwe. Mawu ake munthu ali kuseri kwa chitseko amaganiza kuti muli chigalu chachikulu. Kwanga timauwa ma hadeda, mbalame zaphokoso zija, akatera pa kapinga m'mawa, timauwa wobweretsa katundu, timauwa mwana wa aneba akadutsa pa njinga. Ife a m'ma complex galu umachita kupempha chilolezo cholembedwa kwa ma trustee, oyang'anira complex, ndipo anthu akadandaula kwambiri atha kuchilanda, nde ndinayenera kuchitapo kanthu. Chomwe chinandithandiza ndi kuyenda nato m'mawa ndisanapite ku ntchito, olo mphindi 20 zokha koma kutilola kununkhiza mtengo uliwonse mmene tikufunira osatikoka. Galu wa mphuno amatopa ndi kununkhiza kuposa kuthamanga. Pochoka chakudya sindiika m'mbale, ndimachimwaza pa kapinga kapena kuchikulunga mu thaulo lakale kuti tichite kufufuza, kenako ndimatseka katani ya windo loyang'ana kunjira, wailesi ndimaisiya ikulankhula motsitsa. Zomwe sitikuona sitiuwa.

Koma chilungamo chake dachshund sakonda kukhala yekha, amamatirira munthu mmodzi mpaka ku bafa amakudikira pakhomo. Oscar akutaya banja lake ndi nyumba yake nthawi imodzi nde masabata oyamba adzalira, mwinanso kukodza m'nyumba olo anasiya kalekale. Musadikire tsiku la ndege, muyambe panopa kupita naye kwanu pa wikendi, agone, abwerere, kenako masiku ochulukirapo. Bedi lake ndi bulangete lake zibwere zosachapa fungo likhale lomwelo. Ndipo a landilodi muwauziretu kuti mwezi woyamba kudzakhala phokoso, ngati pali munthu amene amakhala pa yadipo masana mumupemphe azikamutsegulira kamodzi. Munthu wouzidwa kale sakwiya ngati wodzidzimutsidwa.

Za chimbudzi, tiagalu iti ndi tamakani. Kukagwa mvula kanga kakamuna kamafika pakhomo, kusuzumira kunja, kundiyang'ana, n'kubwerera kukachita kuseri kwa sofa. Mimba ili pafupi ndi pansi nde kapinga wonyowa kamadana naye. Ndimachita kutuluka nako ndi ambulera n'kuima pompo mpaka kachite, kakatero kachidutswa ka chakudya pompopompo. Kumenya sikuthandiza, kamangophunzira kubisa. Chakudya nde chimene chimagula mtima wa dachshund, palibenso china.

June ndi July kuzizira kwa Joni mukukudziwa, chisanu mbuu pa kapinga m'mawa. Kosalala kamanjenjemera zenizeni nde kajuzi si manyado ayi, ndipo kugona panja iwalani. Timakonda kulowa pansi pa bulangete mpaka osaoneka, nde phunzirani kupapasa musanakhale pa sofa kapena pa bedi, mlendo wanga wina anatsala pang'ono kukakhalira. Hita nayo muitchinge, timayandikira mpaka ubweya kununkha. Nthawi ya dzinja nde mabingu a masana aja ndi matalala, kuwonjeza makombola a Diwali, a pa 5 November ndi a New Year, masiku amenewo agalu ambiri amathawa m'mayadi. Ine ndimatitsekera m'chipinda chamkati ndi bulangete, TV mokweza.

Makilo 6 ndi theka kwa miniature achulukadi, pokhapokha ngati ndi wa thupi lapakatikati, a dokotala akamugwira nthiti adzakuuzani. Muyeze chakudya ndi kapu imodzimodzi tsiku lililonse, kawiri pa tsiku, ndipo maso achisoni aja musawamvere, kangadye mpaka kudwala. Pofuna kukanyengerera karoti waiwisi kapena zitheba zimakwana. Nsima kachidutswa sikapha koma isakhale chakudya chake, imanenepetsa ndipo ndiwo zathu zimakhala ndi anyezi ndi mchere. Ubwino wake kamadya pang'ono, thumba limodzi limakhalitsa, a Rosettenville asakuopsezeni. Mano okha muziwayang'ana, tiagalu tating'ono timaola mano msanga.

Ndi mwana wa zaka 6 zimayenda bola malamulo, osakakwera pamsana, osakadzutsa kali mtulo, osakalanda chakudya, chifukwa kakatopa kamaluma sikaona kuti uyu ndi mwana. Wanga amawerengera homuweki yake kagalu kali pamiyendo. Loweruka mukapeza mpata pitani nako ku Delta Park, kwa inu a Randburg ndi pafupi, kapena ku Emmarentia, mudzapeza ena ambiri ali ndi tawo. Muzingosamala ndi agalu akuluakulu chifukwa aka sikadziwa kuti ndi kakang'ono, kamayamba ndi iko ndewu. Ku Germany amakanyadira zedi, pa Olympics ya ku Munich mu 1972 chizindikiro cha masewerawo chinali dachshund dzina lake Waldi.

Za ku Malawi, n'zotheka koma si zongonyamula. Pamafunika chilolezo cholowetsera chiweto kuchokera ku dipatimenti ya za ziweto ku Lilongwe, kalata ya umoyo yosainidwa ndi dokotala wa boma wa kuno, ndi katemera wa chiwewe wosatha ntchito. Pamsewu nde mukudutsanso Zimbabwe ndi Mozambique aliyense ndi mapepala ake, ndipo mizere ya pa Beitbridge ndi kutentha kwa ku Tete si za galu wotere, ndege kuchoka pa OR Tambo ndi maola awiri ndi pang'ono basi. Nyengo ya ku Ntcheu ingamuyanje, chovuta ndi choti msana ukavuta kumudzi thandizo lili kutali, ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kumbukiraninso kuti tiagalu iti timakhala zaka 12 mpaka 16, nde Oscar atha kudzafika nthawi yoti Tada ali ku sekondale. Ngati mukuganiza zobwerera chaka chamawa chomwechi bola anthu a mabungwe osamalira ma dachshund amupezere banja lina panopa, koma ngati mukadali kuno kwa nthawi ndithu ndipo inshuwalansi ikulipiridwa, ine ndikuti tengani.

Mtchona_wa_Rosettenville

Galu wa juzi, wa inshuwalansi, womusiyira wailesi, ine mwini wanga zonsezi ndilibe kkkkk. Chabwino mwandigonjetsa, koma a madamuwo alembe pa pepala zoti azilipirazo asaine, pakamwa pokha ayi, munthu akakwera ndege amaiwala.

Ankolo_a_Gadeni

Apo a Rosettenville mwanena zoona, pepala likhalepo, ndipo asiye ndi kangachepe ka ndalama ka katemera ndi mankhwala a nkhupakupa chifukwa si inshuwalansi iliyonse imalipira zimenezo.

Mai a Tada za masitepe atatu aja musavutike kugula za m'shopu zodula. Thabwa lotambalala bwino, lalitali kuti lisatsetsereke kwambiri, mukhomerepo kapeti wakale kuti zikhadabo zizigwira, m'mbali timatabwa tiwiri kuti kasamadumphire pakati. Masiku oyamba muziika tizidutswa ta chakudya pa thabwapo kazitola kakukwera, apo ayi kazilambalala n'kumadumpha masitepe omwewo. Lina lalifupi la pa bedi ngati muzigona nako, ndipo muzigona nako ndithu olo mukane lero. Muyeze kuchokera pansi kufika pakhomo ndi masentimita angati mundilembere ku inbox, matabwa otsala ndili nawo, Lamlungu ndikatuluka ku tchalitchi ndimadutsa ku Randburg konko. Ndidzabweretsanso waya wa nkhuku tikwirire pansi pa mpanda.